Kuwamba Ng'oma ya Mphonde

"Ng'oma siikwera kubuti ngati thumba la makala!" anakalipa Anankhoma ataima pakhomo pa galaja, manja ali m'chiuno.

Mwana wawo Edmond sanacheuke n'komwe. Anaikankhira ng'omayo pambali pa tayala la sipeya n'kutseka buti, phwa!

"Amayi, mpando wakutsogolo ndi wanu. Kumbuyo kwadzaza makontena a mpunga ndi nkhuku amene mwaphikira Chiyamiko. Ndiye ng'omayo ndiisenze pamutu ndikudirayiva?"

"Makontenawo ndiwo apite kubuti. Mpunga sumva chisanu."

"Ng'omanso simva chisanu. Ndi mtengo ndi chikopa basi. Kwerani, tichedwa."

Anankhoma anakwera, koma chitseko anachimenyetsa mpaka galasi linanjenjemera. Likanakhala tsiku lina akanalimbana naye mpaka dzuwa kupendeka. Koma lero mtima wawo unkadumpha ngati wa mtsikana wopita kuchinkhoswe chake. Anali atavala chitenje chatsopano pamwamba pa mathalauza awiri, duku lobiriwira kumutu, ndi chijasi chofika m'mawondo. Lero ng'oma ya amuna awo inkapita kukalira pagulu ku Indianapolis.

Ng'omayo anaisema ndi manja awo malemu Lazaro Mphonde, kwawo ku Madisi. Ikalira pabwalo la chimtali, akazi ankasiya ndowa pachitsime n'kuthamanga. Anankhoma anaphunzira kuimba ng'oma pomwepo, chifukwa amuna awo akatopa ankawapatsira. Bambowo atamwalira, abale awo anatera pakhomo ngati akhwangwala. Anatenga njinga, wailesi, mbuzi zonse, anazula ndi chitseko cha nyumba chomwe. Ng'oma yokha anaisiya, poti sidyeka. Ndiye Edmond atawaitana mayi ake kuti adzakhale naye kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, iwo anasiya mabulangete ndi mapoto, ananyamula ng'oma.

Nanga inalira? Inalira kuti! Edmond ankagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo wosavula tayi. Anati kuno ukachita phokoso aneba amakuitanira apolisi. Anaiimika pakona pabalaza n'kuikapo mphika wa maluwa apulasitiki. Maluwa osanunkhira n'komwe, pamwamba pa ng'oma ya bambo ake omubereka! Zaka zinapita ili duu, ngati nayonso ndi namfedwa.

Amene anachotsa maluwawo ndi Chiyamiko, mwana wamkazi wa Edmond, wobadwira konkuno. Iye ankaimba vayolini m'kagulu ka anthu asanu ku Indianapolis. Nyimbo zawo zinali za azungu akalekale, zimene amazitcha baroki, zoimbidwa ndi zida zochepa, popanda magetsi kapena zokuzira mawu. Mtsogoleri wawo, mayi wina dzina lake Tiffany, ankakonda kusakaniza zidazo ndi zida zakumudzi za mitundu ina. Ankati magule ambiri a m'nyimbozo anayambira kwa alimi ndi oweta nkhosa asanalowe m'nyumba za mafumu. Chaka chatha anabweretsa mkulu wina woimba zitoliro zomangidwa kuthumba la chikopa. Chaka chino Chiyamiko anakweza dzanja nati agogo ake ali ndi ng'oma.

Anakayesa limodzi nthawi yotentha, mu Ogasiti. Tsiku limenelo Anankhoma anangoigoneka ng'omayo padzuwa pakapinga, chikopa chinakungika chokha, ndipo italira Tiffany anadzuka pampando akuwomba m'manja. Anagwirizana kuti ng'oma idzalowe pa gule womaliza. Kuyambira pamenepo Anankhoma ankamvera nyimboyo pafoni uku akuguguda tebulo, chidebe, ngakhale chivundikiro cha makina ochapira. Za dzuwa lija palibe anaziganizira. Tsopano unali Disembala.

Msewu wonse minda inali yoyera mbuu ndi chipale chofewa. Anankhoma foni sinachoke kukhutu.

"Amake Joan, mwanyamuka? Musachedwe, awa sadikira munthu. Ndipo mumve, nthungululu ayi mpaka kumapeto. Eya, ndiwo mwambo wawo. Ukangotsokomola onse amacheuka. Mukhale ngati muli pasiwa, koma musalire."

"Amayi, kodi mwaitana anthu angati?" anafunsa Edmond.

"Onse."

"Onse ake ati?"

"A ku South Bend, a ku Beech Grove, ndi onse amene timakumana nawo pogula ufa ku Lafayette Road. Ukufuna bambo ako aimbire mipando yopanda anthu?"

"Bambo anga anagona ku Madisi. Iyi ndi ng'oma chabe."

"Iwe, yang'ana msewu."

Anafika dzuwa lisanafike paliwombo. Malo ake anali tchalitchi chakale cha miyala, kufupi ndi pakati pa tawuni. Chiyamiko anatuluka akuthamanga atavala diresi lakuda.

"Agogo! Mwafika!"

"Mkazi mnzanga, taona kuwonda! Vayoliniyo sakudyetsa? Tenga makontena awo, ugawire anzakowo."

Mkati munali mozizira bwino, mwa chete. Kutsogolo bambo wina wamtali, wadazi, anali atalowetsa mutu m'chida chake, akupotokola timisomali ndi kakiyi. Ameneyu anali Kenan, ndipo chida chake chinali hapisikodi, chooneka ngati piyano yowonda ya matabwa opyapyala. Anankhoma ankachitcha bangwe wa miyendo, chifukwa mu Ogasiti muja anasuzumira mkati naona kuti ukadina, kanthu konga munga kamakodola nsambo monga chala chimachitira pa bangwe. Nsambozo zinali zosawerengeka, ndipo Kenan anali akuzityuna imodziimodzi kuyambira m'mawa.

Tiffany anaitana onse kuti ayese gule womaliza anthu asanabwere. Iye anapanira chelo wake m'miyendo, vayolini wamkulu wolira mobangula. Chiyamiko ndi mnzake anakweza mavayolini awo, wachitoliro ananyambita milomo. Anankhoma anakhala pampando wawo, anapinda manja a juzi, ng'oma anaipanira m'maondo. Nyimbo inayamba. Anawerenga mumtima, anakweza dzanja, anamenya.

Bwefu!

Anamenyanso. Bwefu, bwefu, ngati munthu akuponda dzungu lowola. Mavayolini analeka. Anankhoma anasisita chikopa. Chinali chitalobodoka, chozizira ngati mphuno ya galu, ndipo phula la pakati, limene limapatsa ng'oma mawu ake okuya, linali litauma gwa ngati mwala.

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Edmond.

"Mtengo ndi chikopa basi, eti?"

Edmond anayamba kuwerenga matabwa a kudenga.

Tiffany anafunsa chinachake m'Chingerezi, nkhope ili ndi nkhawa. Chiyamiko anamasulira. "Akufunsa ngati yasweka, agogo."

"Uwauze sinasweke. Yazizidwa m'buti mwa bambo ako. Ifunika kuwamba."

"Kuwamba n'chiyani?"

"Mayo ine, ana obadwira kuno! Kuiyandikiza kumoto, chikopa chikungike, phula lifewe. Ng'oma imawotha moto ngati munthu."

Chiyamiko atamasulira, Tiffany anatong'ola maso naloza kudenga. Kunali timipope timene timathira madzi tokha moto ukangoyaka. Moto m'tchalitchi muno, ngakhale wa machesi, ayi. Anati tiyeni tikadye kaye, tiganize. Onse anatsikira kuchipinda chapansi kutsata fungo la nkhuku. Anankhoma anakana. Angadye bwanji ng'oma ili chigonere?

Atatsala okha anayamba kufufuza. M'kachipinda kopachikamo majasi anapeza hita yamagetsi, ija ya waya wofiira ngati makala. Mtima unati phaa! Anainyamula. Pobayira magetsi panali pamodzi pokha kutsogoloko, pansi penipeni pa bangwe wa miyendo uja. Anabaya. Anaigoneka ng'oma moyang'anizana ndi hita, kunsi kwa hapisikodi. Ndipo kuti kutentha kusathawe, anavula chijasi chawo n'kuchipachika m'mbali mwa chidacho, chikulendewera mpaka pansi ngati kakhumbi. Anagwada n'kumadikira.

Sipanapite nthawi, chikopa chinayamba kudzuka. Anagogoda ndi chala. Di. Anadikira. Anagogodanso. Ndi!

"Ehee, dzukani a Mphonde, dzukani," ananong'ona akumwetulira. "Anthu akubwera."

Pamwamba pa mutu wawo thabwa linalira, the! Sanalabadire. Kenako anamva mapazi, ndiye mfuwu. Kenan anali ataima pamasitepe, fupa la nkhuku lili m'manja. Analitaya, anathamanga, anazula chingwe cha hita kukhoma, anakoka chijasi chija n'kuchiponya uko. Anagwira kunsi kwa chida chake, anachotsa dzanja msanga. Kenako anayendetsa zala pamwamba. Zimene zinatuluka, abale inu! Ngati amphaka akumenyana padenga.

Dazi lonse linafiira. Anayankhula Chingerezi chothamanga, manja akuuluka. Panalibe chofunika kumasulira.

"Akukalipira ndani ameneyu?" Anankhoma anadzuka akudzikung'untha. "Ndine mwana wake ine? Hita ndi yake?"

Enawo anali atakwera kale. Chiyamiko anawagwira mkono, misozi ili m'maso. Chichewa chake chinkapunthwa, koma chinamveka.

"Agogo, chida chake chimadana ndi kutentha. Matabwa akatenthedwa amasuntha, nsambo zonse zimasokonekera. Watyuna m'mawa wonse. Tsopano ayambirenso, ndipo anthu atsala pang'ono kulowa."

Tiffany sanakalipe. Anangopita kuchikwama chake n'kutulutsa kang'oma kaphwatalala ngati lichero, ka chikopa cha pulasitiki, kosamva chisanu kapena dzuwa. Anakapereka kwa wachitoliro uja. Anauza Chiyamiko kuti apepese agogo ake, koma nthawi yatha, gule womaliza aimba ndi kameneka.

Lichero! M'malo mwa ng'oma ya Mphonde, lichero!

"Ndinanena ine kuti zinthu zakumudzi kuno zimangovutitsa," anatero Edmond motsitsa mawu. "Amayi, khalani pansi muonere ngati anzanu. Ng'omayi ndikaibwezere kubuti."

"Ukaigwira ndikuthyola zala."

Anatero, koma maso awo anali pa Kenan. Bamboyo anali atalowetsanso mutu m'chida chake. Ankadina kamodzi, n'kupendeketsa khutu, n'kupotokola pang'ono, n'kudinanso, thukuta likutsika padazi. Anankhoma anakudziwa kupendeketsa khutu kumeneko. Ndi mmene ankachitira a Mphonde pamoto gule asanayambe, ndipo tsoka kwa munthu wowasokoneza. Tsiku lina mlamu wawo anakhalira ng'oma yowambawamba ndi thalauza lonyowa, a Mphonde sanamuyankhule mpaka nthawi yokolola.

Mkwiyo unatsika kukhosi ngati mbatata yosapsa.

"Chiyamiko, bwera kuno. Umuuze bamboyu kuti ndalakwa. Usathire shuga, ungoti ndalakwa. Ndamuwotchera bangwe wake."

Chiyamiko ananena. Kenan sanadzutse mutu.

"Umuuzenso kuti wake amadwala ndi moto, wanga amafa popanda moto. Ndiye asagone nyumba imodzi. Wake akhale muno, wanga akawothere panja. Ndikupempha gule mmodzi yekha. Ng'oma iyi sinalire pagulu chiwaikireni amuna anga m'manda."

Kenan anapotokola kakiyi kake kawiri katatu. Kenako anapumira m'mwamba, anayankhula mutu uli mkati momwemo, ndipo kumapeto anaseka pang'ono m'mphuno.

"Akuti chida chakenso n'chamakani ngati mbuzi," anamasulira Chiyamiko. "Kukazizira chimadwala, kukatentha chimadwala. Akuti akadali okwiya, ndipo akwiyabe mpaka mawa. Koma gule uja anamukonza akumva ng'oma yanu m'mutu. Kalicheroko sakukafuna."

Onse anayang'ana Tiffany. Iye analuma mlomo, anayang'ana hita, anayang'ana ng'oma. Kenako anayankhula mawu ochepa. Pa gule womaliza adzacheukira kuchitseko cham'mbali kamodzi kokha. Ng'oma ikadzakhala yafika ndipo ikulira, ilowe. Ikadzakhala kulibe, ayamba ndi lichero, sadikira.

Anankhoma anali atatulutsa kale foni. Anaimbira Wanangwa wa ku Beech Grove, dalaivala wa basi amene ankawotcha nyama pamsonkhano uliwonse wa Amalawi.

"A Wanangwa, muli pati?"

"Ndikutuluka pageti, amama. Ndavala suti mpaka."

"Bwererani. Tengani chowotchera nyama chanu chija ndi thumba la makala."

"Aa! Kodi ndi konsati kapena ukwati?"

"Ndikakufunani kuti mufunse mafunso ndikuuzani. Thamangani!"

Woyang'anira tchalitchi analola kuti moto uyatsidwe kumapeto kwa malo oimika magalimoto, kutali ndi khoma. Wanangwa anafika anthu atayamba kale kulowa. Anatsitsa chowotchera chake, anathira makala, anayatsa, akukupiza ndi chivundikiro cha kontena. Anatulutsanso paketi ya masoseji.

"Nanga izi?" anafunsa Anankhoma.

"Moto usapite pachabe, amama."

Mphepo inkadula ngati lumo. Anankhoma anayesa kunyamula ng'oma kuti aiyandikize, koma zala zinakana. Nyamakazi ndi chisanu zinali zitagwirizana, zala zinapindika ngati za nkhuku. Chiyamiko anatuluka akunjenjemera m'diresi lake lopyapyala.

"Agogo, mukakhala panja pano manja anu auma. Ng'oma idzalira, koma woimba adzakhala ndani? Lowani mkati."

"Pitani amama, ndiisamala ine," anatero Wanangwa. Anaitukula ng'oma ija n'kuikhazika chadodolido pawaya, chikopa chili pansi, pambali pa masoseji.

"Mayooo!" anakuwa Anankhoma.

Koma wina anawaposa liwiro. Edmond, amene nthawi yonseyi anali atatsamira galimoto manja ali m'thumba, anadumpha n'kuilanda ng'omayo.

"Osati choncho, bambo inu! Mukuyesa nthiti za mbuzi? Muipsereza!"

Anagwada pachipale ndi thalauza lake la kutchalitchi. Anaipendeketsa ng'omayo, chikopa chikuyang'ana makala chapatali. Anaizunguza pang'onopang'ono. Anasisita chikopa ndi chikhatho mozungulira, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, anadinikiza phula ndi chala chachikulu, anagogoda m'mbali n'kupendeketsa khutu.

Anankhoma anamuyandikira.

"Iwe, ukadakumbukira?"

"Ndingaiwale bwanji? Loweruka lililonse ndinkapsa zala ine, inu mukuvina, bambo akundikalipira kuti ndayandikiza kwambiri." Sanawayang'ane. "Lowani mkati, amayi. Ikatuluka pamoto siichedwa kuzizira, ndiye ndibwera nayo pomaliza penipeni. A Wanangwa, muime pachitseko, mudzandikodole."

"Ndiye suonera mwana wako akuimba?"

"Ndinamuonera chaka chatha. Lowani."

Mkati munali mutadzaza. Kutsogolo azungu, ambiri a imvi, atakhala mwaulemu. Kumbuyo mizere yathunthu ya amayi a Chimalawi, zitenje pamwamba pa majasi, milomo atatseka ngati asokedwa. Amake Joan anakweza dzanja, Anankhoma anawaopseza ndi diso. Anakhala pampando wawo pafupi ndi chitseko cham'mbali, manja atapisa m'khwapa kuti atenthe.

Nyimbo zinayamba. Kunena zoona, anthu awa ankadziwa ntchito yawo. Zida zawo zinkayankhula motsitsa, ngati mkamwini pamaso pa apongozi, koma zinkamvana. Vayolini wa Chiyamiko ankathamanga kutsogolo, mnzake n'kumutsatira, chitoliro n'kuwadutsa pamwamba, chelo n'kumawabweza onse kunyumba. Bangwe wa miyendo anali atachira, ankathetheka bwinobwino ngati mvula yoyamba pamalata. Anankhoma anapuma. Tchimo limenelo lokha linali litakhululukidwa.

Koma maso sanachoke pachitseko. Nyimbo inatha, ina inayamba. Inatha iyo, inayamba ina yoyenda pang'onopang'ono, yachisoni. Imeneyi anaidziwa. Ikatha, wotsatira ndi gule wawo. Nanga makala akazima? Nanga Edmond akaiyandikiza kwambiri, chikopa n'kung'ambika? Nanga Wanangwa akatanganidwa ndi masoseji ake?

Nyimbo yachisoni inatha. M'tchalitchi munati zii. Wachitoliro anaika chitoliro pansi, anawerama, anatola lichero. Tiffany anakweza uta wake woimbira chelo, anacheukira kuchitseko.

Chitseko chili chitsekere.

Tiffany anabweza mutu. Anakoka mpweya kuti ayambe. Pamenepo Kenan anakweza dzanja, anatsokomola, anatenga kakiyi kake n'kulowetsa mutu m'chida chake ngati wamva nsambo yolakwika. Anadina, anapendeketsa khutu, anadinanso. Palibe chimene ankapotokola. Anankhoma anaona ndi maso awo.

Chitseko chinatseguka. Munalowa mphepo, fungo la utsi, ndi Edmond. Anali ndi shati ndi tayi basi, milomo itachita mbuu, maondo a thalauza atanyowa, phulusa kumaso. Jasi lake anali atakulungira ng'oma, ataikumbatira pachifuwa ngati khanda lochokera kusikelo. Anayenda pamaso pa anthu onsewo, mkulu wa mpingo, anagwada, anaikhazika pakati pa maondo a mayi ake n'kuvundukula.

Inali yofunda ngati munthu wamoyo. Anankhoma anagogoda ndi chala chimodzi.

Ndiii!

Mawuwo anayenda mpaka kudenga n'kubwerera. Kenan anatulutsa mutu, anaika kakiyi m'thumba. Wachitoliro anabweza lichero pansi pa mpando. Tiffany anamwetulira, anagwedeza mutu, ndipo gule anayamba.

Poyamba Anankhoma ankaimba ndi nsonga za zala zokha, kuti asamize timawu ta anzawo. Ng'oma inkayenda pansi pa nyimbo ngati mapazi a munthu wobwera kuchokera kutali. Mavayolini anaimva, anayamba kudumpha. Chiyamiko ankaimba akuyang'ana agogo ake, phewa likugwedera lokha. Gule anazungulira kamodzi, anazunguliranso, akunka nafulumira. Kenako Tiffany anaponda pansi ndi chidendene, chelo anabangula, ndipo mayiyo anawayang'ana Anankhoma n'kukweza nsidze.

Apo ndiye anatsegula manja.

Ng'oma ya Mphonde inalira, inu! Inalira mmene inkalirira ku Madisi, chikhatho pakati, zala m'mphepete, kuitana ndi kuyankha. Bangwe wa miyendo sanathawe, anaithamangira, Kenan akudumphadumpha pampando dazi likunyezimira. Gogo wina wachizungu kutsogolo ankamenya ndodo yake pansi. Kumbuyo kuja kunali mavuto. Mapewa onse ankavina, mipando ikulira, ndipo amake Joan anali atavula duku n'kudzitseka nalo pakamwa kuti nthungululu isapulumuke. Anankhoma sanamvenso nyamakazi. Sanaone azungu, sanaone denga. Ankangomva chikopa chikuyankha m'manja mwawo, chofunda, chaukali, ngati mwini wake.

Onse anathera pamodzi, pha!

Kenako duku la amake Joan linagonja. Nthungululu inang'amba tchalitchi, mizere yonse yakumbuyo inalandira. Azungu anadzidzimuka, ena anagwira pamtima, kenako anayamba kuseka n'kuimirira, akuwomba m'manja. Gogo wa ndodo uja anayesa nayenso kuimba nthungululu, zinatuluka ngati nkhuku yotsamwa, koma amayi anamuwombera m'manja.

Oimba anawerama. Anankhoma sanawerame. Anasiya chikhatho pachikopa mpaka chinaleka kunjenjemera.

"Mwamva, a Mphonde?" anatero chapansipansi.

Atakweza maso anaona Edmond ataima pachitseko, akupukuta kumaso ndi tayi.

"Ukulira iwe?" anamufunsa atafika pomwepo.

"Ndi utsi, amayi."

"Utsi wake wa masoseji?"

Panja dzuwa linali litapendeka. Anthu anaunjikana pamoto wa Wanangwa, azungu ndi Amalawi omwe, akulimbirana masoseji. Kenan anabwera, anapempha ndi maso, anagwira chikopa cha ng'oma n'kugogoda kamodzi. Chinali chitayamba kale kugona. Anayankhula ndi Chiyamiko.

"Akuti kukayamba kufunda aimbanso, ndipo akufuna ng'oma pa magule awiri. Koma akuti hita aibisa."

"Umuuze ndinamuona zimene anachita ndi kakiyi kake. Ndi wabodza wabwino. Ndidzamuphikira nkhuku yakeyake, poti ija anataya pansi."

Atatsanzikana ndi onse, anapita kugalimoto. Edmond anatsegula buti n'kuponyamo makontena opanda kanthu. Anatseka. Kenako anatsegula chitseko chakutsogolo, anaikhazika ng'oma pampando, anaifunditsa jasi lake, anakoka lamba n'kuimanga bwinobwino.

"Amayi, inu mukhala kumbuyo."

"Ine kumbuyo? Mayi ako okubereka?"

"Kutsogolo kumakhala bambo."

Anankhoma anakwera kumbuyo, ndipo chitseko anachitseka bwino.

"Maluwa ako apulasitiki aja ukawapezere pokhala," anatero galimoto itanyamuka.

"Ndamva."

"Ndipo aneba akaitana apolisi, ukawalandire ndiwe. Uli ndi tayi."

"Ndamva, amayi."

Anaima pamaloboti otulukira m'tawuni. Dzanja lamanja la Edmond linachoka pachiwongolero, linapisa pansi pa jasi lija, ndipo zala zinayamba kugogoda pang'onopang'ono. Sanali gule wa azungu uja. Chinali chimtali cha ku Madisi, kamenyedwe ka bambo ake kenikeni. Nyali yobiriwira inayaka, wakumbuyo analiza hutala.

Anankhoma anafuna kunena kuti yang'ana msewu. Koma anangotsamira, anavula nsapato, mapazi n'kuyamba kuponda okha.